Kusudzula a Ndau Buku Lisanathe

Mlangeni, Ntcheu
1 Malichi 2025

Okondedwa amayi aang'ono, Sisiteri Veronica,

Moni wochokera ku Mlangeni. Muli bwanji ku Sipeniko, inu ndi agogo onse amene mumawasamalira? Kuno tilipo. Chifunga ndi chomwe chija, matope ndi omwe aja, ndipo ine ndikadali yemwe uja, wa digiri ya zaulimi amene amalawirira kukakwezera mbatatesi ngati sanapondeko n'komwe kusukulu. Kalatayi ndaijambula pa foni n'kuitumiza ku imelo ya nyumba yanu monga mwa masiku onse. Chonde a ku ofesi akusindikizireni lero lomwe, chifukwa ndikudziwa kuti Lenti ikangoyamba simulandira kalata mpaka Pasaka.

Ndiyambe ndi yokoma. Sukulu munandipezera ija yayankha. Andilandira kuti ndikaphunzire za kasungidwe ka zokolola kuyambira Seputembala, koma akufuna ndiwatsimikizire Epulo asanathe. Amayi, ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Chaka ndi chaka ndimaona matumba a mbatatesi akuolera m'mbali mwa msewu kudikira mavenda, anthu n'kumangoti ndi mmene zimakhalira. Mawu amenewo ine andikwana.

Mabuku munapatsira ansembe aja anafika. Munati ndiziwerenga kuti Chisipanishi changa chikhwime, koma amene akudyerera ndi ababa. Chiwatsekereni maso shuga uja, ndimawawerengera pakhonde tikaweruka kumunda. Tinayamba ndi a Chingerezi aja, a zombo zopita ku nyenyezi, ababa ankangosinza. Kenako lija la zinjoka zolavula moto ndi mafumu amatsenga. Amalume a Cosmas atamvako pang'ono anati m'nyumba ya mlongo wawo musamawerengedwe zaufiti, n'kutola chipewa chawo. Koma ili la Chisipanishi lawagwira onse awiri. Wogulitsa mankhwala wapezeka atafa m'thanki ya madzi pamudzi wina wa kumapiri, ndipo wapolisi wamkazi wobadwira pomwepo watumidwa kukafunsa anthu amene anamulera. Ndimawerenga chiganizo, n'kusaka mawu ovuta pa foni, n'kuchinena m'Chichewa. Tsamba limodzi nyemba zikhoza kupsa. Ababa, poti moyo wawo wonse anali womasulira m'khoti, salola kuti ndidumphe. Ndikangofulumira amagogoda ndodo pansi, amvekere, "Nandau, mboni inanena zambiri kuposa pamenepo."

Tsopano imene yandilembetsa. Juni akubwerayu amayi akwanitsa zaka ziwiri ali m'manda, koma ababa sanasudzulidwe mpaka lero. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti pano ndi pamudzi panu, kuti ababa anabwera chikamwini kuchokera ku Kasinje, ndiponso kuti mkazi akamwalira mwamuna amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Koma palibe amene akuitchula nkhaniyi. Ndikafunsa amalume amayamba za feteleza. Ndikafunsa ababa amati tsegula buku. Nanga ine ndikwera bwanji ndege ndisakudziwa ngati munthu wosaona adzakhale ndi denga ndikachoka? Ndikufuna banja likhale pansi, linene poyera kuti ababa akhala pano mpaka imfa, aliyense amve, zithe. Inu ndinu mng'ono wawo wa amayi, mawu anu amalemera. Ndiuzeni ndiyambire pati.

Ndiyankheni msanga, nthawi sikundidikira.

Ine mwana wanu,
Tracy


Ku Sipeni
4 Malichi 2025

Tracy mwana wanga,

Moni mwa Ambuye. Ndili bwino, bondo lokha ndi limene silikugwirizana ndi kuzizira. Ndikulemba chothamanga chifukwa mawa ndi Lachitatu la Phulusa, ndipo Sisiteri wa ku ofesi ndi wokalamba, kompyuta amaitseka nthawi imene wafuna.

Za sukulu ndagwada n'kuthokoza. Atsimikizire mawa lomwe, usadikire munthu.

Koma za kusudzula, mwanawe, chotsapo dzanja. Sikuti anthu anaiwala. Titangoika mkulu wanga Salome, ine ndi achimwene a Cosmas tinakhala kuseri kwa nkhokwe n'kupangana kuti nkhaniyi tisadzaitchule. Ikakhala yosatchulidwa, bambo ako akadali mkamwini wathu, nyumba ndi munda zili m'manja mwawo, ndipo palibe angawafunse kanthu. Koma ikangotchulidwa, aliyense wa mbumba amakhala ndi pakamwa. Alipo ena, monga a Maynard a kwa amayi athu aakulu, amene dimba la kumtsinje lija anayamba kalekale kuliyang'ana. A ku Kasinje nawo akaitanidwa sangabwerere chimanjamanja, anthu angawaseke kuti anataya mbale wawo. Nthawi imeneyo iwe unali pa mayeso omaliza, n'chifukwa chake sunamve.

Achimwene anandilonjeza kuti tsiku limene udzachoke, iwo ndi akunyumba kwawo adzawayang'anira bambo ako. Usayembekezere kuti akuuza. Chibadwire sadziwa kunena, amangochita.

Mabukuwo anali a gogo wina amene anatisiya chaka chatha. Tinawapeza pansi pa bedi, ambiri a zophana, koma kolona sinkachoka m'manja mwake. Ine sindiwerenga zoterozo, ndimalota zoipa. Undipatsire moni alamu anga, uwauze kuti ndamva kuti akuzengabe milandu.

Udzandilembere pa Pasaka. Mapichesi a kuseri kwa nyumba anabereka chaka chino? Nanga mvula yawasiya bwanji manda a Salome?

Mayi ako,
Veronica


Mlangeni
30 Malichi 2025

Amayi aang'ono,

Moni. Ndikhulupirira bondo lija silikukuvutani. Ndikudziwa kuti iyi muiwerenga pa Pasaka, koma ndikapanda kulemba ndiphulika. Yankho lanu silinafike. Ndinakwera pachulu pomwe netiweki imagwira mpaka tsiku la Phulusa, n'kumangotsegula imelo, osapezamo kanthu. Ndiye kuti mwina nanunso muli mbali ya anthu ongokhala chete.

Sukulu sindinaitsimikizirebe. Nditsimikizira bwanji?

Tamvani zimene ndikuona kuno. Amalume sajomba. Amafika asanasambe n'komwe, khasu n'kuliyedzeka pakhoma, n'kukhala pa mtondo wogadabuza uja. Poyamba ndinkati ndi buku, ndipo kunena zoona amalitsatira. Iwo akuti wapha ndi mkazi wa malemuyo, chifukwa sanalire pamaliro. Ababa akuti ndi mchimwene wake. Tsiku lina anakangana mpaka tiyi kuzizira. Ababa anati anamasulirapo mlandu wa mayi amene analira mpaka kukomoka, chonsecho ndi yemweyo anathira tameki m'ndiwo. Amalume anati a Ndau anazolowera kubwereza mawu a ena, kuganiza anasiyira majaji. Ababa anati n'chifukwa chake mkulu wa mphakati wa tchalitchi ngati amalumewo sapatsidwa mlandu woposa wa mbuzi. Ndinaseka nawo, sindikana.

Koma sabata yatha amalume anazungulira nyumba yathu akugogoda makoma, n'kundifunsa ngati chipinda changa chimadontha. Lachiwiri ndinawapeza ku dimba akuyendera ngalande yathu kuyambira kumtsinje mpaka kumapeto. Nditawafunsa anati akungoona. Akungoona chiyani? Mwana wawo Cathy akukwatiwa mu Okutobala, ine nditangochoka kumene, ndipo mkamwini adzafuna pogona ndi polima. M'buku lathuli wapolisi uja amati munthu akayamba kukuthandiza usanamupemphe, uzidzifunsa chimene akufuna. Chinanso, nthawi zonse nkhani ikafika pokoma, amalume amadzuka, akuti pakwana palero, tisalimalize msanga. Zonse kuno n'zosafuna kumaliza. Amayi, ine si mwana.

Choncho ndachita ndekha. Lachisanu ndinanamizira kuti ndikupita pa boma kukafunsa za pasipoti, n'kutsikira ku Kasinje. Kutentha kwake ndinavula juzi tisanafike n'kuchigwa komwe. Ndinawapeza abambo aang'ono a Eliya, mng'ono wawo wa ababa amene anali nkhoswe ya ukwati wawo, ali m'madzi mpaka m'maondo m'munda wa mpunga. Ndinawauza kuti ndikupita kunja, kuti ababa sanasudzulidwe, kuti abwere tidzakambirane. Anandifunsa ngati andituma ndi amalume. Ndinati yandituma ndi mbumba. Anafunsanso kachiwiri, ine n'kubwereza zomwezo. Kodi ndinanama? Ine si mbumba? Anatuluka m'madzi, anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anati amva, abwera Loweruka la pambuyo pa Pasaka. Anandinyamulitsa kathumba ka mpunga, koma kuseka kumene anandilandira nako kunali kutatha. Mwina n'kutopa.

Ababa sindinawauze. Ndidzawauza tsiku likayandikira kuti asayambe kundiletsa.

Mudzaona, zikhala bwino. Chimene ndimawakondera mabukuwa n'chakuti pamapeto pake onse amasonkhana m'chipinda chimodzi, wina n'kunena zoona, aliyense n'kudziwa pamene waima. Ifenso tikhoza. Amalume akakhala ndi zolinga, adzanene pamaso pa anthu. Akakhala alibe, adzalonjeze pamaso pa anthu omwewo, ine ndidzapite mtima uli m'malo.

Mapemphero anu ndikuwafuna, koma yankho ndikulifuna kwambiri.

Tracy


Mlangeni
21 Epulo 2025

Kwa mlongo wanga wokondedwa Asisiteri Veronica,

Ndayamba ndi moni wa Pasaka. Ine ndi akunyumba tili bwino, kaya inu kumeneko. Mbatatesi takumba, zachita bwino pang'ono. Kalatayi ajambule ndi Cathy, zamakonozi ine sindizitha.

Mlongo wanga, zija tinapangana kuseri kwa nkhokwe zaphwasuka. Lachinayi Loyera ndinalandira foni ya a Eliya. Anati akubwera Loweruka likudzali, anthu awo akonzeka, galimoto yonyamulira katundu apeza. Ndinafunsa katundu wa yani. Anati musandiyese mwana, mwatuma mwana wa mlongo wanu kudzandiuza kuti mbumba yatopa ndi mbale wanga. Ndinalumbira kuti sindinatume munthu. Anati ngati sindinamutume ndiye zaipiratu, ndiye kuti ngakhale ana pamudzi pano akuikamba. Anatinso mwanayo akupita kunja, kodi tikufuna adzamve kuti munthu wosaona wagwera m'chitsime pamudzi wa eni? 

Ndinamuitana Tracy kumunda kuti bambo ake asamve. Sindinakalipe. Koma iye anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti nyumbayi ndikuifunira Cathy. Mlongo wanga, Cathy mwamuna wake wamanga kale ku Lizulu, akumutenga chitengwa. Chipinda cha Tracy ndinkafufuza ngati chikudontha chifukwa ndinkafuna ndizidzagonamo ine mwanayu akachoka, kuti alamu akafuna kutuluka pazikhala wowagwira dzanja. Ngalande ndinkaona pomwe yagumuka kuti ndidzawalimire dimba. Zimenezi sindinamuuze. Munthu wa msinkhu wanga ndiyambe kudziyeretsa kwa mwana amene ndinamunyamula popita ku ubatizo?

A Maynard amva kale. Dzulo potuluka m'tchalitchi anandipatsa moni wautali kuposa masiku onse.

Alamu ndinawauza ndekha Loweruka Loyera. Ndinazungulira kwambiri, mpaka iwo anati alamu, nenani, ndamva milandu yoipa kuposa imeneyo. Ndinanena. Kenako anaitana Tracy n'kumuuza kuti awachapire jekete lawo la kukhoti lija. Basi. Madzulo ake anati tiwerenge, ndipo tinawerenga ngati palibe chachitika, koma ndodo sinagogode ngakhale mwanayo anadumpha mawu.

Ine alamu amenewa ndakhala nawo kuyambira ndili mnyamata. Ndi amene anandiperekeza kukafunsira. Sindikudziwa kuti Loweruka ndikayankhula bwanji.

Pemphani chilolezo kwa akuluakulu anu muimbe foni kwa a Eliya Lachisanu lisanadutse. Mwina mawu a Asisiteri awamvera. Mwanayo musamukalipire kwambiri, sakudya.

Ndine mlongo wanu,
Cosmas


Mlangeni
28 Epulo 2025

Amayi aang'ono,

Moni sindikudziwa kuti ndiupereke bwanji lero. Muli bwanji?

Kalata yanu ya pa 4 Malichi inafika Lachiwiri lapitali, pamodzi ndi mawu opepesa a Sisiteri wa ku ofesi kuti anaiiwala m'makina Lenti yonse. Ndinaiwerenga nditaima pachulu. Ndinaiwerenganso nditakhala pansi. Ndinafuna kumukwiyira Sisiteri wokalambayo, ndipo ndinamukwiyiradi mpaka madzulo, koma si iye anatsikira ku Kasinje.

Zikomo poimba foni Lachisanu. Abambo aang'ono a Eliya akuti anakumverani mwaulemu, n'kukupemphani kuti muwaike m'mapemphero. Galimoto inabwerabe.

Tinakhala pansi pa mapichesi. Anabereka chaka chino, poti munafunsa, ndipo manda a amayi ali bwino. A ku Kasinje anakhala mbali yawo, ife mbali yathu, ababa pampando pakati atavala jekete. Ndinali nditakonza zonena usiku wonse ngati ndikukalemba mayeso. Ndinkaganizabe kuti ndikangofotokoza bwino, aliyense amvetsa.

Anayamba a Eliya. Anathokoza mudzi powasunga mbale wawo, n'kunena kuti abwera poti aitanidwa. Amalume anayankha kuti pachitika kusamvana, mbumba sinatope ndi a Ndau, akhale mpaka Mulungu adzawaitane. Ndinapuma, ndinati zatha. Ndiye a Maynard anatsokomola. Anati iwonso akugwirizana nazo, a Ndau ndi munthu wabwino, koma poti takhala kale pansi, kuli bwino timve kuti dimba lizilimidwa ndi yani mwanayu akachoka, chifukwa munthu wosaona salima, ndipo nthaka ndi ya mbumba. Wina anati nanga nyumba. Wina anati nanga akadzadwala, wothamanga nawo ndani. Palibe anatukwana, amayi. Onse ankayankhula mokoma, n'kumatchula ababa kuti bambo athu. Koma ankawakamba ali pomwepo ngati akukamba za thumba limene lasowa mwini pa siteji.

Ndinadzuka osapatsidwa mpata. Ndinati palibe anandituma, ndinapita ndekha. Ndinati amalume ndinawaganizira zoipa popanda chifukwa. Ndinati sukuluyo ndaisiya, ndikhala, ndizilima dimbalo ndekha, nkhani ithere pomwepa.

Ababa anagogoda ndodo.

"Nandau, khala pansi," anatero. Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu a amalume. "Alamu, zimene munkachita ndinkazidziwa, ndipo ndikuthokoza. Ndakhala pano ngati munthu wosadziwa kuti ndi mlendo. Lero ndamva ndi makutu anga. Sindingathenso kusadziwa."

Amalume anati alamu musatero, awa ndi mawu chabe. Ababa anapukusa mutu.

"Ine ndipita, mwanayu apitanso kusukulu kwake. Wotsala pano ndi Salome yekha, poti ndi kwawo. Tisudzuleni."

Amalume ndi amene anayenera kuchita mwambowo. Anaika kandalama m'mbale, n'kunena mawu aja omumasula munthu kuti apite kulikonse, akwatirenso ngati afuna. Pa mawu okwatirawo ababa anaseka okha, anati amuuziretu mkaziyo kuti nkhope yake sadzaiona. Palibe anaseka nawo. 

Galimoto inali yaikulu, katundu wake wochepa. Sutikesi, wailesi, mpando wawo, bulangete. Zina zonse akuti n'za pamudzi. Anapempha kuti ndiwatsogolere kumanda kaye, anaimapo pang'ono atavula chipewa. Pobwerera anandigwira pamkono mwamphamvu n'kundiuza kuti sakwera galimoto mpaka amve kuti sukulu ndaitsimikizira. Tinakwera pachulu tonse awiri, anthu akudikira. Ndinalemba, ndinawawerengera m'Chisipanishi, ndinawamasulira m'Chichewa, n'kutumiza. Anafunsa ngati yapita. Ndinati yapita.

Buku ndinafuna kuliika m'sutikesi, poti patsala mitu yochepa. Anati lisiye, kumeneko ndani awerenge. Galimoto itachoka ndinakhala pakhonde n'kuliwerenga ndekha mpaka kumapeto, mothamanga, popanda wogogoda ndodo. Wakupha ndamudziwa. Onse anasonkhanadi m'chipinda chimodzi, wapolisi uja ananena zoona, kenako anakwera basi n'kuchoka, ndipo bukulo silinena kuti pamudzipo anthu anapatsana bwanji moni m'mawa mwake.

Lero amalume anabwera nthawi yawo yomwe ija. Anayedzeka khasu, anaona pamene pankakhala mpando, anakhala pa mtondo. Ndinagwada n'kupepesa. Anati zapita, undipatse tiyi. Pochoka anatola bukulo pawindo n'kuliika m'thumba la jekete. Sindinafunse.

Ndapeza zonse zimene ndinkafuna. Nkhani yanenedwa poyera, aliyense akudziwa pamene waima, ndipo palibe chondiletsa kukwera ndege. M'nyumba muno sindikutha kukhala pansi. Ndasesa, ndasesanso. Ndiuzeni chochita, ulendo uno ndidikira yankho.

Tracy


Ku Sipeni
4 Meyi 2025

Tracy,

Moni mwanawe. Kalatayi ndaimirira pambali pa Sisiteri wa ku ofesi mpaka yatuluka.

Sindikuuza kuti sunalakwe, ungadziwe kuti ndikukunyengerera. Sindikuuzanso kuti usiye sukulu. Bambo ako atsika phiri kuti iwe ukwere ndege. Ukatsala, ndiye kuti atsikira chabe.

Chochita ndi ichi. Idya. Kolola chimanga. Upite ku Kasinje kawirikawiri mmene ungathere, koma usakalire kumeneko, a Eliya angaone ngati ukunena kuti sakuwasamala. Ukawafotokozere a Janeti, mwana wawo wa a Eliya, za mankhwala a shuga ndi zakudya zoyenera. Makiyi a nyumba udzasiyire amalume ako, m'manja, pamaso pa a Maynard.

Bedi lako kuno ndakonza kale. Mabuku a gogo uja atsala ambiri, ndawaika m'katoni pansi pake.

Undiuze mmene wawapezera alamu anga.

Mayi ako,
Veronica


Kasinje
10 Ogasiti 2025

Nandau,

Akulemba ndi Janeti, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakongoletse. Uli bwanji ku Lilongweko? Mapepala a ulendo atuluka? Undiuze tsiku lenileni, osati zija umanena pa foni zoti posachedwapa.

Ine ndilipo. Sindikunamiza kuti ndazolowera. Kuno ndi kwathu, koma ana amanditcha agogo a ku Mlangeni. Anthu amati ino ndi nyengo yozizira, ine n'kumatuluka thukuta. Mpunga m'mawa, mpunga masana, mpaka ndayamba kulota mbatatesi. Eliya wandimangira chingwe kuchokera pakhomo kukafika kuchimbudzi, china kukafika pa mtengo wa mango, ndiye ndimayenda ngati sitima pa njanji. Nthawi zina ndikadzuka ndimapapasa khoma kufuna windo la kwa amayi ako, osalipeza. Mankhwala ndikumwa. Janeti ndi wankhanza pa shuga kuposa iwe. Walemba zimenezo akuseka, ndamumva.

Za tsiku lija usazinenenso. Wabwera kuno wapepesa, pa foni wapepesa, zakwana. Ndinakulera ndine kuti uzifunsa mafunso mpaka uyankhidwe. Sindinadziwe kuti udzayambira pa ine.

Tsopano imene ndakulembera. Unati usanakwere ndege ubwera udzagone kuno, udzandimalizire buku lija tsiku limodzi, ngakhale pamtima ngati amalume ako akana nalo. Kubwera ubwere. Unditengerenso mbatatesi za kumtunda, zofiira zija. Koma bukulo ayi.

Sukudziwa iwe, poti umabwera mkati mwa sabata. Amalume ako amatsika phiri Loweruka lililonse akapeza mpata. Amafika atatuwa ndi fumbi la kabaza, akudandaula msana, akutukwana msewu. Moni wake ndi wachidule. Kenako ndimamva pulasitiki ikulira, ndiye kuti atulutsa buku. Amaliika pabondo. Iwo Chisipanishi sadziwa, ine maso ndilibe, ndiye bukulo limangokhala pamenepo ngati woimbidwa mlandu, ife n'kuyamba. Iwo akadali pa mkazi uja. Akuti aganizira bwino, ndi yekhayo amene ankadziwa nthawi imene mwamuna wake amapita ku thanki. Ine ndikadali pa mchimwene. Eliya poyamba ankakhala patali, sankafuna n'komwe kuwapatsa mpando amalume ako. Tinamufotokozera nkhani yonse kuti atiweruze, ndipo iye akuti tonse ndife ana, wapha ndi bambo ake a wapolisi yemweyo, n'chifukwa chake boma linatuma mwana wa pamudzi kuti nkhani ife. Tsopano amasiya mpunga pa dzuwa n'kudzakhala nafe. Sabata yatha tinakangana mpaka akabaza onse anaweruka, amalume ako anagona konkuno, pa mphasa pafupi ndi bedi langa. Amaliza mkonono ngati chigayo.

Ndiye taganiza, iwe wophunzira. Ukatiuza, Cosmas adzatsikira chiyani? Sangabwere n'kunena kuti ndadzangokuonani alamu. Amuna a msinkhu wathu zimenezo sitizitha. Adzabwera kamodzi kudzavomera kuti ndinalondola ndine, kapena kudzandiseka, basi, kenako msewu udzamutalikira.

Upite ukaphunzire, udzabwere udzatimangire nyumba zosungira mbatatesi zija umanena. Amayi ako aang'ono ukawapatse moni, ukawauze kuti mlandu ukadali m'khoti.

Ubwere udzatsanzike. Wakuphayo usunge wekha.

Bambo ako,
Jasper Ndau